Dolphin tikuililira, nanga bemberezi wa m'chigafa?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Aphunzitsi amene muli muno ndithandizeniko, Tadala wabwera ndi ntchito ya ku kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwawo, akuti afananize dolphin ndi njuchi ina yake ati bumblebee, mmene zimakhalira komanso mmene anthu akuzitetezera kuti zisathe. Nde zinthu ziwirizi zikukumana pati? china cha m'madzi china cha m'maluwa, ndipo zonsezo kuno ku Chamama kulibe

NaPhiri wa kudimba: Dolphin si chinsomba chija chimadumpha pa TV chija? Ku Salima kapena ku Nkhotakota ziliko?

Aphunzitsi a ku Santhe: Mwaswera amayi. Tiyambe ndi funso la aNaPhiri. Mu Nyanja ya Malawi mulibe dolphin, kufupi kwathu kumene mungaione ndi ku nyanja ya mchere, Mozambique, Tanzania, South Africa uko. Ndipo si nsomba ayi. Ili ndi mapapo, imapuma mpweya ngati ife, mphuno yake ndi kabowo kali pamwamba pa mutu nde pakapita kanthawi imayenera kutulukira pamwamba pa madzi kukapuma. Siikira mazira, imabereka mwana wamoyo n'kumamuyamwitsa. Mukadzaonanso pa TV muyang'anitsitse kumchira, nsomba imagwedeza cham'mbali koma dolphin imakupiza m'mwamba ndi pansi.

Aphunzitsi a ku Santhe: Tsono chimene Tadala alembe ndi inki yofiira ndi ichi: dolphin imaswana pang'onopang'ono kwambiri. Mtundu wodziwika uja wa bottlenose bere lake ndi miyezi 12, mwana mmodzi basi, ndipo mwanayo amakakamira kwa mayi wake zaka 3 kapena kuposa asanayambe kudziimira. Ndiye mukapha yaikazi imodzi mwapha ndi ana onse amene ikanabereka zaka zikubwerazo, ndipo palibe njira yofulumizitsira.

Mjomba wa ku Durban: Zimenezo ndiikire umboni ine. Kuno nthawi yozizira cha mu June ndi July kumabwera tinsomba ta sardine tambirimbiri kutsata gombe, ma dolphin amatilondola ali chigulu moti madzi amachita kuwira. Tsiku lina m'mawa ndisanalowe ntchito ndinaima pamchenga, zinadutsa pafupi zedi mpakana ndinkamva kupuma kwake, kamvekedwe ka pfuu kenako mutu walowa, ina pfuu, ndipo pambali pa yaikulu ina panali kamwana kakuyenda chogundana nayo, ikatuluka nako katuluka ikamira nako kamira osasiyana olo pang'ono. Ndinayimbira mayi a ana kumudzi pompo kuwauza

Mjomba wa ku Durban: koma kunonso m'magombe osambira anatchera maukonde oteteza anthu ku shaki, nde maukonde omwewo nthawi zina amakola ma dolphin ndi akamba a m'nyanja. Ikakodwa pansi singathe kukwera kukapuma, mphindi zochepa yafa. Nyama yokhala m'madzi moyo wake wonse koma kufa ndi kumira, zimandipweteka

NaPhiri wa kudimba: Mayo ine, nde imagona bwanji ngati ikuyenera kumatuluka kukapuma?

Aphunzitsi a ku Santhe: Imagoneka mbali imodzi ya ubongo, mbali inayo ili maso kuyang'anira kupuma, ndipo diso limodzi limakhala lotsegula. Kenako zimasinthana. Chinanso, m'madzi akuda kapena usiku siidalira maso kwenikweni, imatulutsa timaphokoso tothetheka kudzera pamphumi, phokosolo likagunda nsomba limabwerera n'kulimva kudzera nsagwada ya m'munsi, mmene mileme imachitira usiku. Ma bottlenose alinso ndi kaluzu kakekake aliyense, anzake amamudziwa nako.

aBanda a Njuchi: Ine ndakhala chete ndikuwerenga. Zonse n'zabwino koma mundilole ndilankhule zondiwawa. Mwezi wathawu wina kufupi ndi kwathu kuno ku Chulu wapopera mankhwala m'munda mwake dzuwa lili paliwombo mbewu zili pa maluwa. Mawa lake ndapita kukaona ming'oma yanga ndapeza pakhomo pa mng'oma pali mulu wa njuchi zakufa, malilime ali panja, zina zikungozungulira pansi chagada kukanika kuuluka, zamoyo zikukoka zinzake zakufa kuzitulutsa. Ndinaika chithunzi pagulu pomwe pano amene anayankha ndi anthu owerengeka. Lero dolphin ya ku Durban tonse tagwidwa chisoni. Sindikunyoza ayi amjomba, ine ndemwe nkhani yanuyo yandikhudza, koma ndikufunsa kuti chifukwa chiyani chakutali chikutilowa mumtima kuposa chimene chikutidyetsa

Mjomba wa ku Durban: Mukunena zoona akulu, pepani ndi njuchizo

Mayi a Tadala: Pepani aBanda. Nde bumblebee yo ndi yomweyi ya uchiyi?

Aphunzitsi a ku Santhe: Ayi ndi ina. Ndi yaikulu yonenepa, thupi lonse ubweya, zambiri zili ndi mizere yachikasu ndi yakuda. Mitundu yake ilipo pafupifupi 250, yambiri ku maiko ozizira, Ulaya, Asia, America. Kuno kumunsi kwa chipululu cha Sahara kulibe mwachilengedwe. Ubweyawo ndi wa kuzizira, ndipo m'mawa kukazizira imanjenjemeretsa minofu ya mapiko osauluka mpaka thupi litenthe kufika cha m'ma 30 digiri, nde imayamba ntchito njuchi zina zikadali m'nyumba.

Agogo aMwale: Aphunzitsi, kulibe bwanji poti ine ndimaiona tsiku ndi tsiku? Chinjuchi chakuda chachikulu china chili ndi chikasu pamsana, chimaboola mapaso a chigafa changa utuchi kumangoyoyokera pa fodya

Aphunzitsi a ku Santhe: Ameneyo ndi bemberezi agogo, wachibale chabe. Mumuyang'ane kumimba, bemberezi ndi wosalala wonyezimira pamene bumblebee ndi ubweya mpaka kumatako. Bemberezi sakhala chigulu chokhala ndi mfumukazi ndi antchito, wamkazi amaboola mtengo wouma yekha, mkatimo n'kugawa tizipinda ndi utuchi womwewo, chipinda chilichonse kaphala ka mungu ndi dzira limodzi pamwamba. Koma musamuone choncho, ntchito imene bumblebee amagwira ku Ulaya kuno amatigwirira ndi iyeyu. Ndibwerako kumeneko

Agogo aMwale: Paja akulu anati bemberezi adziwa nyumba yake. Mabowo khumi pa phaso limodzi koma aliyense amalowa mwake osaphonya

Aphunzitsi a ku Santhe: Eya. Tsono moyo wa bumblebee uli chonchi, ndipo apa ndi pamene pali phata la ntchito ya Tadala. Njuchi za aBanda mng'oma umodzi zimakhalamo masauzande ambirimbiri ndipo banja limapitirira chaka ndi chaka chifukwa zimasunga uchi. Bumblebee ayi, banja lake ndi la chaka chimodzi. Kukayamba kuzizira antchito onse amafa, amuna amafa, mfumukazi yakale imafa. Zotsala ndi timafumukazi tatsopano tokha timene takwatiwa kale, kalikonse kamakumba pansi n'kugona miyezi yonse ya chisanu. Kukafunda kamadzuka kali kokhakokha ndi njala, kamasaka maluwa, kamasaka una wakale wa mbewa, n'kuyamba kuikira mazira ndi kuwafungatira kokha mpaka ana oyamba akule ayambe kukathandiza. Banja likakula limangofika 50 mpaka 400 basi, ndipo uchi wake ndi wongodya masiku ochepa, simungafule.

Nde taonani. Pa masabata amenewo mfumukazi ili yokha, ikasowa maluwa kapena ikamwa timadzi ta duwa lopoperedwa, sikuti yafa njuchi imodzi, lafa banja lonse la chaka chimenecho. Ndiye ngakhale china n'chachikulu kuposa munthu china n'chosakwana chala, zonse ziwiri zathina pa malo amodzi, pa mayi. Dolphin yaikazi imodzi, mfumukazi imodzi.

Mayi a Tadala: Apo nde ndamva tsopano. Ndikumukopera zonsezi mwanayu

Alangizi: Ndiwonjezereko pa kusiyana kwake. Dolphin ofufuza amatha kuiwerenga imodziimodzi, amajambula chipsepse cha pamsana chifukwa chilichonse chili ndi zipsera zakezake, moti amadziwa kuti uyu ndi uja tinamuona chaka chatha. N'chifukwa chake timamva manambala ngati a Māui dolphin ya ku New Zealand, kuti mu 2021 zinatsala pafupifupi 54 zokha zopitirira chaka chimodzi. Njuchi ndani angaiwerenge choncho? Imangochepa mwakachetechete, anthu amadzadzidzimuka kuti kodi chinjuchi chija tinkachiona tili ana chinapita kuti

Aphunzitsi a ku Santhe: Ndipo chaka cha 2006 chili ndi nkhani ziwiri zofanana. Ku China mu mtsinje wa Yangtze munali dolphin ya m'madzi opanda mchere dzina lake baiji. Chaka chimenecho akatswiri anayenda ndi maboti masabata 6 kuisaka ndi makina omvera phokoso m'madzi, sanapeze olo imodzi, nkhani inamveka dziko lonse. Chinaimaliza si kuisaka kuti aidye kwenikweni koma mbedza ndi maukonde otchera nsomba zina, kupha nsomba ndi magetsi, masitima ochuluka ndi madamu. Chaka chomwecho cha 2006 ku Oregon ku America, katswiri wina Robbin Thorp anaona komaliza njuchi yotchedwa Franklin's bumble bee, kuchokera pamenepo sinaonekenso. Funsani anthu kuti ndani anamvapo za yachiwiriyi

aBanda a Njuchi: Ndi zimene ndikunenazo. Kuno ku paki ya Kasungu mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, dziko lonse linaona pa TV malole akudutsa. Chachikulu chimaoneka, chimapeza ochilankhulira. Koma mitengo yambiri ya m'tchire imene njovuyo ikudya, kuti ibereke njere pamafunika tizilombo touluka timene palibe amatiwerenga

Mjomba wa ku Durban: komatu njovu imaopa njuchi eti, ndinamva kuti ku Kenya amatchinga minda ndi ming'oma

aBanda a Njuchi: Zoona, mayi wina wofufuza Lucy King ndi amene anayambitsa kumeneko, amamangirira ming'oma pa waya kuzungulira munda, njovu ikagunda waya ming'oma imagwedezeka njuchi n'kutuluka. Imaopa kulumidwa m'chitamba ndi m'maso. Koma mng'oma wopanda njuchi sutchinga kanthu, nde tabwereranso pomwe paja pa mankhwala

Achimwene a Greenhouse: Ine funso langa ndi la bizinesi. Ndili ndi ka greenhouse ka tomato kuno ku Lisasadzi, maluwa amachita bwino koma ambiri amangoyoyoka osagwira. Ndaona pa YouTube azungu amagula bumblebee m'makatoni n'kuika mkati tomato kubereka mochititsa kaso. Palibe njira yoitanitsira kuno? Ndalama ndikhoza kusonkha ndi anzanga

Aphunzitsi a ku Santhe: Achimwene chonde chonde maganizo amenewo asiyeni. Ndikuuzani chifukwa chake zimagwira ntchito kenako chifukwa chake n'zoopsa. Duwa la tomato mungu wake uli m'kati mwa timachubu, sutuluka pokhapokha duwalo ligwedezeke. Bumblebee imaluma duwa n'kunjenjemera ndi minofu ija, mungu n'kuthothokera pamimba pake. Njuchi ya uchi luso limeneli ilibe. Panja mphepo imathandizako, koma mu greenhouse mulibe mphepo n'chifukwa chake maluwa anu akuyoyoka, kuphatikiza kutentha kukachuluka. Kale ku Ulaya ankalemba anthu ganyu yogwedeza maluwa ndi kandodo ka magetsi, mpaka dokotala wa ziweto wa ku Belgium Roland de Jonghe anayamba kuweta njuchizi n'kumagulitsa mu 1987.

Tsono mverani zimene zinachitika ku Chile. Mu 1997 analowetsa bumblebee ya ku Ulaya yotchedwa Bombus terrestris kuti izithandiza m'minda. Inathawira m'tchire, inaswana, pofika 2006 inali itaoloka mapiri kulowa Argentina. Kumeneko kuli bumblebee yawoyawo Bombus dahlbomii, yofiirira, imodzi mwa zazikulu kwambiri pa dziko lonse. Kulikonse kumene yachilendoyo yafika, yakwawoyo ikuzimiririka, kulimbirana maluwa komanso matenda amene inabwera nawo. Pano ili pa mndandanda wa zimene zili pangozi yotha. Katoni imodzi ikatseguka simungakazitolerenso

Achimwene a Greenhouse: Koma kuno n'kotentha mwina sizingakhale m'tchire

Alangizi: Mwina ku Lisasadzi, nanga zikafika ku Viphya, ku Dedza, ku Nyika kozizira kuja? Komanso matenda safuna kuti njuchiyo ikhazikike, bola yatera pa duwa limodzi ndi njuchi zathu. Chamoyo chilichonse cholowa m'dziko chimafuna chilolezo cha boma, si zongoitanitsa pa basi ngati sipeyala ya galimoto

Aphunzitsi a ku Santhe: Ndipo simukusowa kanthu chifukwa bemberezi wa agogo uja amadziwa kunjenjemeretsa duwa chimodzimodzi. Mukadzamva pa duwa la mabiringanya kapena tomato kaphokoso kasintha kukhala kakang'ono kothina, dziiii, ndi ntchito imeneyo ikugwirika. Magalagadeya nde osanena, duwa lake ndi lalikulu moti njuchi yaing'ono imangomwa n'kuchoka osakhudza pofunika, koma bemberezi akalowa msana wonse umatuluka uli mbuu ndi mungu

Agogo aMwale: Ine ndimawatseka mabowo ndi phula la moto, adzukulu amawamenya ndi zikwapu. Nanga chigafa chigwe?

aBanda a Njuchi: Chigafa chisagwe agogo, mitengo yavuta masiku ano tonse tikudziwa. Koma amabwera m'chigafa chifukwa kutchire mitengo youma tinatola yonse ya nkhuni. Mapaso muwapake oyilo wakutha kapena penti, sakonda mtengo wopakidwa, kenako muwaikire zipika zouma zofewa chapatali pamthunzi. Ndipo adzukuluwo muwauze wamwamuna saluma n'komwe, amangoopseza, wamkazi amaluma pokhapokha mwamugwira

NaPhiri wa kudimba: Ine ndiyankhe za mankhwala zija chifukwa ndikuona ngati ife a madimba tikuoneka oipa. Abale tomato wa masiku ano osapopera simukolola, kambozi kaja ka tuta kamalowa m'masamba ndi m'zipatso dimba lonse kupsa ngati lawauka ndi moto. Ndili ndi ana a sukulu, ngongole ya feteleza ikundidikira. Ndisiye kupopera chifukwa cha njuchi za eni?

aBanda a Njuchi: Sindinati musiye mayi. Maungu anu aja a m'mbali mwa Bua, duwa lachimuna palokha lachikazi palokha, amene amanyamula mungu m'mamawa ndi ndani? Mpendadzuwa wa amuna anu? Njuchizo mng'oma ndi wanga koma ntchito zikugwira kwa inu

NaPhiri wa kudimba: Apo sindikana. Nde tipange bwanji poti zonse tikuzifuna

Alangizi: Zotheka zilipo. Poperani madzulo dzuwa litapendeka njuchi zitabwerera, osati m'mawa kapena masana. Kukakhala mphepo dikirani. Mbewu ikakhala pa maluwa ambiri pewani ngati mungathe, ndipo udzu wa maluwa wa m'mizere muuzule kaye musanapopere chifukwa njuchi zimatera pomwepo. Muyezo tsatani wa pa botolo, osati kuwonjezera kuti afe msanga kapena kusakaniza mitundu itatu mu sipuleya imodzi, kambozi kameneko kamazolowera mankhwala msanga mukamatero. Zotsukira sipuleya osataya m'chitsime cha kudimba, njuchi zimamwa pamenepo. Ndipo amene ali ndi ming'oma pafupi muuzeni dzulo lake

Alangizi: Koma pali gulu lina la mankhwala limene za madzulozi sizithandiza kwenikweni. Muwerenge pa botolo, mukaona imidacloprid, thiamethoxam kapena clothianidin, amenewo amalowa m'thupi la mbewu n'kuyenda mpaka mu mungu ndi timadzi ta duwa, ndipo amakhalitsa m'nthaka. Confidor amene ambiri timamudziwa ku nazale ya fodya ndi imidacloprid. Njuchi mwina siifa pompo koma imasokonezeka mutu, kuiwala njira ya kwawo, ndipo banja la bumblebee limabereka mafumukazi ochepa. Maiko a European Union analetsa atatu onsewa kugwiritsa ntchito panja mu 2018. Nde botolo la ku nazale lisamapite ku mbewu ya maluwa chifukwa choti latsalako

Mjomba wa ku Durban: Zikufanana ndi za maukonde zija eti, msodzi sakufuna dolphin akufuna nsomba, aNaPhiri sakufuna njuchi akufuna kambozi

Aphunzitsi a ku Santhe: Ndi momwemo amjomba, zonse ziwiri zambiri zimafa ndi msampha wotchera china. Koma pa katetezedwe mpamene zasiyana. Dolphin mukhoza kuipulumutsa imodziimodzi n'kuona phindu. Ku Pakistan mu mtsinje wa Indus muli ina yosaona n'komwe imangodalira phokoso, imasochera m'ngalande za mthirira madzi akaphwa, anthu amakainyamula pa machira kuibwezera mumtsinje. Zinali pafupifupi 1,200 mu 2001, pofika 2017 zinakwana 1,816. Dziko la China nalo linatseka usodzi mu Yangtze kwa zaka 10 kuyambira 2021, kungoti kwa baiji kunali kutada kale. Njuchi simungainyamule pa machira. Chimene mungasunge ndi malo ake, maluwa osiyanasiyana chaka chonse ndi pogona. Ku Britain madambo a maluwa a m'tchire anatha 97 pa 100 alionse kuyambira zaka za m'ma 1930 chifukwa cha ulimi wa mathirakitala, bumblebee zinatsika nawo limodzi. Ku America ina yotchedwa rusty patched bumble bee inali ponseponse koma mu 2017 boma linailemba kuti ili pangozi yotha

aBanda a Njuchi: Kwathu kuno thirakitala yathu ndi moto wa lupsa ndi nkhwangwa. Mwezi wa August mpaka October tchire lonse lapsa chifukwa cha mbewa, nthawi yomwe njuchi zikudikira mitengo ya tsamba ndi mombo ichite maluwa. Ndiye ofula uchi ena amadula mtengo wonse kapena kuotcha njuchi ndi chiwaya cha moto, mawa akudabwa kuti uchi wasowa. Ine pempho langa kwa a mipingo ndi mafumu amene muli muno, za moto izi muzizinena pa maliro ndi pa misonkhano ngati mmene mumanenera za kolera

Mayi a Tadala: Aphunzitsi Tadala akufunsa kuti nanga nzeru, akuti dolphin ndi yanzeru kwambiri nde njuchi nayo?

Aphunzitsi a ku Santhe: Dolphin nzeru ilinazo, ku Shark Bay ku Australia zina zimavala siponji ya m'nyanja kukamwa pofukula mchenga kuti zisadzicheke, ndipo mwana amaphunzira kwa mayi wake. Koma alembenso kuti mu 2017 ku Queen Mary University of London gulu la Lars Chittka linaphunzitsa bumblebee kugubuduza kampira kupita pakati kuti ilandire madzi a shuga, zinzake zinaphunzira pongoonerera, zina mpaka kusankha kampira kapafupi m'malo mwa kamene zinaonetsedwa. Ubongo wake kukula ngati njere ya chitowe

Achimwene a Greenhouse: Chabwino za katoni ndazisiya. Nde pakali pano maluwa akuyoyokawa nditani, bemberezi ndingamulowetse bwanji mkati?

Alangizi: Yambani ndi manja anu. Cha m'ma 9 mpaka 11 m'mawa mame atauma muzidutsa mzere ndi mzere kugogoda zingwe kapena waya womangira tomato ndi kandodo, pang'onopang'ono koma duwa ligwedezeke, tsiku lina lililonse podumphitsa limodzi. Masana tsegulani m'mbali mpweya uzidutsa, kukatentha kwambiri mungu umafa ngakhale mugwedeze bwanji. Loweruka ndikudutsa msewu wa M1 ndidzaima ndione ngati vuto si kuthirira kapena feteleza wa nayitirojeni wachuluka

aBanda a Njuchi: Bemberezi musamutsekere mkati afa ndi kutentha. Mudzale nandolo ndi magalagadeya kunja kuzungulira greenhouse abwera okha, akawathandiza mabiringanya ndi tomato wa panja. Pogona muwapezere mtengo uja umatuluka pakati pa khonje ukauma, ndi wofewa amaukonda kwambiri, muudule zidutswa muzimangirire pansi pa denga posafika mvula. Ndili nawo wambiri kuno, alangizi akamabwera adzere kwathu ndiwapatsire. ANaPhiri inunso mukafuna kupopera mungondiflasha madzulo ake, ndiziuza anzanga a ming'oma a mbali ya kwanuko

NaPhiri wa kudimba: Nambala yanu ndaisunga. Lachiwiri ndipopera cha m'ma 5 madzulo